Akakudulani malipiro, musayambe ndi kalata yosiya ntchito



Sabata yatha achimwene ena oyendetsa thiraki anandilembera usiku ali pa mzere ku Beitbridge. Dzina lawo ndi la kampani yawo sinditchula, anangondilola kufotokoza nkhaniyo. Agwira pamenepo zaka 9. Mwezi watha abwana anasonkhanitsa madalaivala onse m'yadi n'kuwauza kuti zinthu zasintha. Malipiro a pamwezi atsika, ndalama yambiri izibwera malinga ndi maulendo amene munthu wayenda, gawo lina lizilipidwa mu ZiG m'malo mwa madola, ndipo masiku ogona pa boda sawerengedwanso. Tsiku lopuma limene ankalipeza akabwera ku Durban nalonso lapita. Ukatsitsa katundu m'mawa, madzulo ukupakiranso. Anawapatsanso pepala latsopano loti akasaine akabwerako ulendo umenewu. Funso lawo linali lalifupi: "Achemwali, ndikasiya ntchitoyi boma lindipatsako kena kake podikira ina? Anzanga a ku Joni akuti iwo amalandira."

Ndinawayankha kuti asalembe chilichonse, asasainenso chilichonse, mpaka atafika kuno tikambirane. Ndaona kuti ndilembe pano chifukwa funso lomweli labwera kangapo m'gulu muno, ndipo mayankho amene timapatsana amandidetsa nkhawa. Makamaka ife a geni timafulumira kunena kuti, "Asiyeni amenewo, bwerani kuno, kulibe bwana." Inenso ndinkanena zomwezo. Masiku ano sindinena, chifukwa ndinaona kuti ndalama imene munthu amatuluka nayo pa ntchito imadalira khomo limene watulukira. Wosiya yekha amatuluka chimanjamanja, ndipo mabwana ambiri amene amadula malipiro amazidziwa bwino zimenezo. Ena amadulira dala kuti muchoke nokha.

Tiyambe ndi kuno ku Zimbabwe. Kulibe ndalama ya boma ya munthu amene ntchito yamuthera. Kaya mwasiya nokha, kaya akuchotsani, kaya kampani yatsekedwa, palibe ofesi imene mungakalembetse kuti muzilandira pamwezi podikira ntchito ina. Anthu ambiri amaona mzere wa NSSA pa payslip n'kumaganiza kuti ndi imeneyo. Ayi ndithu. NSSA imadula 4.5 peresenti kwa inu, abwana n'kuwonjezerapo 4.5 ina, koma ndalamayo ndi ya ukalamba, ya kulumala, ya ana ndi akazi anu mukamwalira, ndi yothandizira maliro. Palinso thumba lina la ovulala pa ntchito, limene amasonkha ndi abwana okha. Za ulova mulibemo. Penshoni yake imayamba pa zaka 60 ngati mwapuma ntchito, ndipo imafuna kuti mukhale mutasonkha miyezi 120. Wosonkha yochepera pamenepo, bola ifike miyezi 12, amangolandira ya kamodzi.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa madalaivala ambiri sadziwa. Kuyendetsa thiraki yaikulu NSSA imakuika m'gulu la ntchito zolemetsa, pamodzi ndi za m'minda ndi zina za m'migodi, ndipo wa ntchito zoterezi angathe kupuma pa zaka 55 ngati wazigwira zaka 7 mwa zaka 10 zomaliza asanafike msinkhuwo. Ndiye achimwene amene muli ndi zaka 48 kapena 50, musanatsike m'thiraki kubwera ku geni, werengani bwino zaka zanu. Mungadzipezeke mukudikira penshoni zaka 5 zowonjezera chifukwa cha mkwiyo wa sabata imodzi.

Poti thandizo la boma kulibe, chimene chilipo ndi chimene lamulo limakakamiza abwana kukupatsani. Mukasiya nokha mumatenga malipiro a masiku amene mwagwira, ndalama ya masiku a tchuthi amene simunapite, ndi kangachepe kalikonse kamene penshoni ya pakampani kapena pangano la NEC yanu limalola. Akakuchotsani chifukwa ntchito yachepa, pamwamba pa zonsezo pamabwera notisi ndi phukusi la ochotsedwa. Kwa munthu wa zaka 9, kusiyana kwake ndi mpamba wathunthu.

Akuluakulu mukukumbukira za mu 2015. Pa 17 Julaye chaka chimenecho khothi la Supreme, pa mlandu wa Zuva Petroleum, linagamula kuti bwana angathe kuthetsa ntchito ya munthu pongomupatsa notisi. M'masabata ochepa anthu masauzande anachotsedwa m'dziko muno ndi notisi ya miyezi itatu yokha. Nyumba ya malamulo inathamanga kukonza lamulo la ntchito mu Ogasiti, n'kuika kuti wochotsedwa azipatsidwa malipiro a mwezi umodzi pa zaka 2 zilizonse zimene wagwira, osachepera pamenepo. Lamuloli analikonzanso mu 2023, ndiye chiwerengero cha lero mukachitenge ku NEC musanakhale pansi ndi abwana. Koma mfundo yake sinasinthe, kuchotsa munthu kuli ndi mtengo wake. Bwana wochenjera akafuna kuchepetsa madalaivala 10 osalipira mtengowo, amangowafinya mpaka atalemba okha makalata.

Ndikunena zimene zinandichitikira ine mwini. Ndisanayambe geni ndinkasoka pa fakitale ina ya zovala ku Belmont. Ndinalowa ndili mtsikana, nditangomaliza sekondale, ndikukhala kwa makolo ku Sizinda, kumene bambo anga ochokera ku Ntcheu anakhazikika akugwira ntchito ya njanji. Ndinasoka zaka 11. Chakumapeto maoda anachepa, kaunjika ndi zovala za ku China zitadzaza misika, ndipo anatiika pa masiku atatu pa sabata. Kenaka anayamba kutiitana Loweruka ndi Lamlungu popanda ya ovataimu, malipiro n'kumabwera theka, lina mwezi wamawa. Tsiku lina kapitao anandikalipira pamaso pa anzanga chifukwa ndinachedwa ndi mwana kuchipatala. Ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba mizere itatu: ndasiya ntchito pa zifukwa zanga, zikomo chifukwa cha zonse. Ndinachita kuthokozanso, taganizani. Ndinatuluka pa geti ndikumva ngati ndawakhaulitsa.

Patangotha miyezi 5 fakitale inachepetsa antchito. Anzanga amene tinalowa limodzi analandira phukusi lawo. Silinali lalikulu, ndipo linkabwera pang'onopang'ono, koma wina anagula nalo makina awiri osokera, wina anayambira geni ya ku Francistown. Ine mpamba wanga ndinachita kutenga katapila, ndipo chaka choyamba chonse ndinkagwirira mwini ndalamayo. Nditapita kukafunsa ngati pali chimene ndingachite, munthu wodziwa za malamulo anawerenga kalata yanga ija n'kundibwezera. Anati mayi, mwalemba nokha kuti zifukwa ndi zanu, ndipo mulibe liwu ndi limodzi lomwe la malipiro kapena la maola m'menemu.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti lamulo la ntchito la Zimbabwe, Labour Act, pa gawo 12B, limati munthu amene wasiya ntchito chifukwa abwana achita dala kuti pantchito pasapiririke, amawerengedwa ngati wachotsedwa mopanda chilungamo. Pachingerezi amati constructive dismissal. Mawuwa muwasunge, mudzawafuna ku ofesi. Mukapambana mlandu wotere, angalamule kuti mubwerere pa ntchito kapena mupatsidwe chipukuta misozi. Kudula malipiro a munthu iye osavomera ndi kuphwanya pangano, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene mlanduwu ungaimepo. Koma musautenge ngati wophweka. Wobweretsa umboni ndi inu, osati abwana. Muyenera kusonyeza kuti zinthu zinafikadi posapiririka, kuti anachita dala, ndiponso kuti munayesa njira zina musanachoke. Kukwiya kokha si umboni. Kunena kuti "aliyense m'yadi akudziwa" si umboninso, chifukwa tsiku la mlandu aliyenseyo adzakhala ali pa ulendo wa ku Kasumbalesa, ndipo kunyumba ali ndi ana ofuna fizi.

Ndiye kalata yoyamba ikhale yodandaula. Ilembeni mwaulemu, ya tsamba limodzi: ndinkalandira zakutizakuti, kuyambira tsiku lakuti mwandipatsa zakutizakuti, ine sindinavomere, ndikupitiriza kugwira ntchito koma ndikupempha kuti mubwezeretse monga zinalili. Sainani, lembani deti, pangani fotokope, ndipo amene walandira asaine pa yanuyo. Akakana kusaina, itumizeni pa WhatsApp kapena pa imelo ya ku ofesi kuti tsiku lizioneka. Mukangokhala chete n'kumalandira ndalama yochepayo miyezi 6, miyezi 8, abwana adzanena kuti munavomera, ndipo woweruza angawamvere. Choopsa kuposa apo ndi pepala latsopano limene amakutulutsirani pa zenera muli kale ndi makiyi m'manja, ati sainani apa munyamuke. Mukangosaina, malipiro atsopanowo asanduka pangano lanu, ndipo kudandaula kwatha. Pemphani kupita nalo kunyumba. Akakana kuti muliwerenge usiku umodzi wokha, dziwani kuti m'menemo muli chimene sakufuna kuti muone.

Sindikunena kuti kampani iliyonse yochepetsa maola ndi ya akuba. Katundu amachepadi, dizilo amakwera, makasitomala amachedwa kulipira. Lamulo lomwelo, pa gawo 12D, limalola kuti m'malo mochotsa anthu, kampani iwaike pa masiku ochepa kapena pa mashifiti. Koma zimenezo zimachitika pogwirizana ndi antchito eni ake, komiti yawo kapena NEC, sizipitirira miyezi 12, ndipo wa masiku ochepayo salandira zochepera theka la malipiro ake. Kulengeza m'yadi Lolemba m'mawa si mgwirizano. Za kupuma nazonso zinalembedwa, wantchito aliyense ayenera kupuma maola 24 otsatizana pa sabata. Nkhani ya ndalama ya dziko lino ndiye tonse tikuidziwa. Mu 2019 madola a anthu anasanduka RTGS usiku umodzi, ndipo ZiG imene inabwera mu Epulo 2024 inagwa pa 27 Seputembala chaka chomwecho, kuchoka pafupifupi pa 14 kufika pa 24 pa dola imodzi. Choncho ngati kontilakiti yanu imati madola a ku America, wina asakuuzeni kuti kukulipirani ZiG "n'chimodzimodzi". Onani chimene chinalembedwa pa kontilakitiyo ndi pa pangano la NEC la chaka chimenecho.

Kokadandaula kulipo. Madalaivala muli ndi NEC ya makampani a mtengatenga, National Employment Council for the Transport Operating Industry, imene imaika malipiro ochepetsetsa ndi maalawansi, ndipo ili ndi anthu ake omva milandu. Amene ntchito yanu ilibe NEC mumapita kwa labour officer ku unduna wa za ntchito. Amayamba n'kuyesa kukuyanjanitsani, zikakanika nkhani imakwera mpaka ku Labour Court, imene imakhalanso kuno ku Bulawayo. Poyambira sipafunika loya. Lamulo limapereka zaka 2 zoti mukhale mutadandaula, koma musadikire zaka zimenezo, chifukwa mapepala amasowa ndipo makampani amasintha mayina. Chachikulu n'chakuti za malipiro odulidwa mungathe kukadandaula muli pa ntchito pomwepo. Sipafunika kusiya kaye.

Mapepala ake ndi omwe aja amangogubuduzika m'thiraki mpaka atanyowa ndi tiyi: ma payslip akale ndi atsopano, ma trip sheet, mameseji a ku banki kapena a EcoCash, masitampa a m'pasipoti osonyeza tsiku limene munalowa ndi kutuluka pa boda. Jambulani zonse n'kutumiza kwa akazi anu kapena kwa m'bale, chifukwa foni ya kampani amailanda tsiku lomwe mwakangana. Ife a geni timasunga risiti ya ZIMRA ya mabulangete zaka zitatu, koma dalaivala wonyamula katundu wa madola masauzande sadziwa kumene kuli kontilakiti yake.

Tsopano za anzathu a ku Joni amene akuti amalandira. N'zoona, ku South Africa kuli UIF. Koma kupita ku Durban kawiri pa mwezi sikukulowetsani mu UIF. Nkhani yagona pa amene anakulembani ntchito. Tengani payslip yanu, ngati pali mzere wa NSSA ndinu wa kuno, ngati pali wa UIF ndinu wa uko. UIF imadula 1 peresenti kwa wantchito ndi 1 peresenti kwa bwana, ndipo alendo ogwira ntchito movomerezeka amasonkha nawo n'kulandira nawo. Pa masiku 4 aliwonse amene mwagwira mumasungira tsiku limodzi lodzalandira, mpaka masiku 365 ngati mwagwira zaka 4. Imalipira pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya malipiro anu, wolandira zochepa ndiye amapeza peresenti yaikulu, ndipo powerengera sapitirira R17,712 pamwezi ngakhale mumalandira zoposa apo. Masiku 238 akadutsa imatsika kufika pa 20 peresenti. Muyenera kukalembetsa pasanathe miyezi 12 kuchokera tsiku limene ntchito yatha. Mukadali pa ntchito, kaoneni ku labour centre ngati abwana anakulembetsanidi, chifukwa alipo amene amadula koma osapereka.

Koma nayonso UIF siilipira wosiya yekha. Imalipira wochotsedwa, amene kontilakiti yake yatha, ndi amene kampani yake yagwa. Zonse zimathera pa fomu imodzi imene abwana amadzaza, UI-19, pamene amalemba nambala ya chifukwa chimene ntchito yathera. Nambala 6 ndi wosiya yekha, 13 ndi wothawa pa ntchito, ndipo ziwirizi zilibe ndalama. Nambala 4 ndi wochotsedwa, 5 ndi kutha kwa kontilakiti, 11 ndi kuchepetsa antchito. Nambala 7 ndi constructive dismissal ija, koma ku labour centre sangoimva pakamwa, amafuna kuona kuti mlandu unadutsa ku CCMA kapena ku bargaining council, imene ya madalaivala a katundu ndi NBCRFLI. Kumeneko nthawi ndi yochepa kwambiri, masiku 30 okha kuchokera tsiku limene mwachoka. Ambiri masiku 30 amenewo amawathera kumudzi akupumitsa msana, pobwera n'kuyamba kupempha kuti awamvere mochedwa, ndipo si onse amaloledwa.

Palinso china chimene chimandimvetsa chisoni anthu akachiphonya. Ngati abwana achepetsa maola ndipo malipiro atsika, mungathe kupempha UIF muli pa ntchito, pa nambala 17, bola zimene mukulandirazo zachepa kuposa zimene UIF ikanakupatsani mukanakhala pa ulova. Ndiye munthu amasiya chifukwa maola achepa, n'kutaya ntchito ndi UIF yomwe, pamene akanakhala akanalandirako mbali zonse ziwiri. Wina asakunamizeninso kuti mugwirizane ndi abwana alembe 11 pamene mwasiya nokha. Kumeneko ndi kubera thumba, ndipo ndi mlandu kwa nonse awiri. Amene chilolezo chanu chogwirira ntchito chinatha, musaganize kuti mulibe pokadandaula. Khothi la za ntchito la kumeneko linagamula mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo wopanda chilolezo ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo CCMA ingamve mlandu wake. Kulandira UIF ndiko kumafuna mapepala olongosoka.

Kwathu ku Malawi n'chimodzimodzi ndi kuno, ndalama ya ulova kulibe. Employment Act ya 2000, pa gawo 60, imalola wantchito kusiya ngati khalidwe la abwana lafika poti sangapitirize, ndipo kusiya kotero kumawerengedwa ngati kuchotsedwa mopanda chilungamo. Wotero angapeze severance, imene wosiya mwa kufuna kwake sapeza: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse pa zaka 5 zoyamba, masabata 3 kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata 4 kupitirira apo. Dandaulo limapita kwa labour officer wa pa boma pasanathe miyezi 3, kenaka ku Industrial Relations Court. A ku Kanengo ndi a ku Blantyre amene mumadutsa pa Dedza ndi pa Mwanza, zilembeni penapake.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe m'munsimu, ndipo sindikutsutsani zonse. Munena kuti milandu imatenga zaka, kuti ukapambana kampani imati ilibe ndalama, kuti eni mathiraki amadziwana ndipo wodandaula dzina lake limayenda pa foni iye asanafike pa geti lina. N'zoona, ndaziona. Munenanso kuti munthu sangadikire phukusi akuyendetsa matani 30 maso ali psuu ndi tulo pa msewu wa ku Victoria Falls. Pamenepo ndiye ndikugwirizana nanu kotheratu. Ngati akukukakamizani kuyenda osagona, kanani ulendowo, ndipo kanani polemba, kuti ndafika nthawi yakuti, sindinagone, ndinyamuka mawa. Ngati miyezi itatu yadutsa osalandira kanthu, kapena mwapeza ntchito ina yabwino ndipo kalata yake ili kale m'manja, tulukani. Fodya ndi amene ali pamphuno. Chimene ndikukana ndi kutuluka monga ndinatulukira ine, ndi mizere itatu ndi zikomo.

Ngati mwatsimikiza kuchoka, kalata yosiyayo inene chilungamo chake: ndikusiya chifukwa pa tsiku lakuti munadula malipiro anga ine osavomera, ndinadandaula pa tsiku lakuti ndi lakuti, simunakonze. Mawu oti "pa zifukwa zanga" asapezekemo. Kumbukiraninso kuti notisi imamanga mbali zonse ziwiri. Kuno wa ntchito yokhazikika notisi yake ndi miyezi 3, pokhapokha mutagwirizana ndi abwana kuti isakhalepo, kapena mukuchoka pa gawo 12B lija, limene limavomereza wochoka ndi notisi ndi wopanda notisi yemwe. Ndipo chonde, musasiye thiraki pa boda n'kukwera basi. Ndamvapo ena akudzitama nazo pa Chirundu, kuti ine ndinawasiyira makiyi pa tayala. Mukatero mwawapatsa abwana chifukwa chokuchotserani mwalamulo, poti kujomba masiku 5 popanda chifukwa chomveka n'kokwanira, ndipo katundu akasowa m'thirakimo apolisi adzafuna inu. Fikitsani thiraki m'yadi, dizilo ndi matayala ziwerengedwe inu mukuona, wina asaine kuti walandira.

Kwa anzanga a geni, mawu awiri okha. Tisamakope anthu ndi nkhani za phindu lokha. Tiziwauzanso za tsiku limene katundu wagwidwa pa Plumtree, za mwezi umene randi yakwera iwe utagulitsa kale pa mtengo wakale, za omalayitsha amene afika chikwama chimodzi chitasowa. Geni ilibe tchuthi, ilibe penshoni, ukadwala tebulo limatsekedwa. Munthu azibwera kuno ali ndi mpamba m'thumba. Komanso ambiri a ife tili ndi mtsikana kapena mnyamata wotigulitsira, ndipo malonda akavuta timangomuuza m'mawa kuti kuyambira lero uzilandira theka. Ine ndinachitapo zimenezo, ndipo nditakumbukira za ku Belmont ndinachita manyazi.

Achimwene a ku Beitbridge aja anafika Lachinayi. Tinakhala pansi pamodzi ndi akazi awo, kontilakiti tinaipeza m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo imanena madola a ku America, imanenanso alawansi ya usiku uliwonse wogona kunja. Kalata yodandaula tinalemba limodzi, anzawo anayi alembanso zawo, ndipo Lolemba akupita nazo ku NEC asananyamuke ulendo wa ku Beira. Pepala latsopano lija sanasaine. Abwana awauza kuti akaganize bwino, iwo ayankha kuti akuganiza. Mmene ziyendere ndidzakuuzani pompano. Amene munadutsako ku NEC kapena ku CCMA, lembani m'munsimu kuti zinakutengerani nthawi yaitali bwanji ndipo anakufunsani mapepala ati. Ine Lachitatu ndili pa ulendo wa ku Musina, ndiyankha ndikawoloka.